Musanalengeze kuti mwapeza pulasitiki m'madzi, yambani mwawerenga wochoka pa malaya anu

Aliyense amene anawerengapo tizidutswa ta pulasitiki pa maikulosikopu amachidziwa chimwemwe cha tsiku loyamba. Mwasefa madzi a mumtsinje, mwaika pepala losefera pansi pa diso la makinawo, ndiye mukungoona tiulusi ta buluu, tofiira ndi takuda tili mbwee. Mtima umangoti basi, digiri yatheka. Zimene ndaphunzira pa ntchito imeneyi n'zakuti tiulusi tambiri ta tsiku loyambalo sitichokera mumtsinje ayi. Timachokera pa juzi yanu, pa nsalu yotchinga pawindo, pa chivindikiro cha botolo, ndiponso mumpweya wa m'chipinda chimene mukugwiriramo ntchito. Ndikulemba izi poganizira ophunzira amene asankha mutu umenewu pa kafukufuku wawo, chifukwa zolakwika zake n'zodziwika kale, ndipo zambiri zimapeweka popanda kugula makina atsopano.

Dzina lakuti microplastics linafala kuyambira mu 2004, pamene Richard Thompson wa pa yunivesite ya Plymouth ndi anzake anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Science. Ofufuza ambiri amagwirizana kuti kachidutswa kalikonse kochepera mamilimita 5 kamalowa m'gulu limeneli. Malire a kumwambawo savuta. Chovuta ndi malire a kumunsi, chifukwa amenewo sakhazikitsidwa ndi chilengedwe, amakhazikitsidwa ndi sefa yanu. Choncho musanapite kumadzi, lembani m'buku lanu la mu labotale chiganizo chimodzi chonena kukula kwa tizidutswa timene mukufuna, mwachitsanzo kuyambira maikulomita 100 kulekeza mamilimita 5. Maikulomita 1,000 ndi amene amapanga milimita imodzi. Zida zonse, mankhwala onse ndi nthawi yonse zidzatsatira chiganizo chimenecho.

Njira zotungira madzi zilipo zitatu, ndipo sizipereka yankho lofanana. Ukonde wa manta, umene umakokedwa ndi bwato pamwamba pa madzi, nthawi zambiri umakhala ndi maso a maikulomita 300 kapena 333. Umasefa madzi ochuluka kwambiri m'mphindi 15 mpaka 30 zokha, koma tiulusi timadutsa m'maso ake chotalika ngati ulusi pa singano, ndipo tizidutswa tating'ono tonse timatsala m'madzi. Ukondewo uziyenda m'mbali mwa bwato, osati kumbuyo, chifukwa kumbuyo madzi amakhala atavunduka ndipo zoyandama zamizidwa. Pakamwa pake pakhale kachipangizo koyeza madzi odutsa, apo ayi simudzadziwa kuti mugawe ndi chiyani. Njira yachiwiri ndi pampu yokoka malita mazana angapo n'kuwadutsitsa m'masefa achitsulo osanjikiza, ya maso aakulu pamwamba, ya maso aang'ono pansi. Yachitatu ndi kungotunga lita imodzi m'botolo la galasi. Botolo limagwira chilichonse, ngakhale tating'onoting'ono, moti mukawerengera pa lita imodzi chiwerengero chake chimaposa cha ukonde kutalitali, m'madzi omwewo ndi tsiku lomwelo. Koma lita imodzi ndi madzi ochepa kwambiri: tiulusi tiwiri togwa kuchokera pa malaya anu tikhoza kusintha yankho lonse. N'chifukwa chake sindikhulupirira tebulo loyerekezera mitsinje ya m'mayiko osiyanasiyana ngati silinena kuti aliyense anatunga ndi chiyani.

Musaiwale kuti zida zanu zomwezo ndi pulasitiki. Ukonde ndi wa nayiloni, zingwe zambiri ndi za polypropylene, utoto wa bwato umasupuka, jekete yoyandamira imathothoka ulusi. Dulani kachidutswa ka chilichonse mwa zimenezi, kakulungeni mu foyilo ya aluminiyamu, lembanipo dzina. Tsiku limene mudzapeze tizidutswa ta olenji tambirimbiri m'masampulo a malo amodzi, mudzafuna kudziwa ngati chingwe cha tsikulo chinali cha olenji. Potunga, imani kumene mphepo ikupita kuti zochoka pa inu ziulukire kutali ndi botolo, ndipo pansi pa chivindikiro chilichonse cha pulasitiki ikanipo foyilo.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene ofufuza amangoitchula kuti blank. Blank ndi sampulo yopanda kanthu imene imadutsa njira yonse imene sampulo yeniyeni ikudutsa. Ilipo ya mitundu itatu ndipo iliyonse imagwira mbala yakeyake. Ya kumtsinje ndi botolo la madzi osefa kale limene mumapita nalo komweko, n'kulitsegula nthawi yofanana ndi imene mabotolo enawo akhala chotsegula, kenako n'kulitseka. Ya mu labotale ndi madzi osefa amene mumawathira mankhwala onse, kuwatenthetsa, kuwasefa ndi kuwawerenga ndendende ngati enawo. Ya mpweya ndi pepala losefera lonyowa limene mumaliika m'kambale ka galasi pambali panu, lotsegula nthawi yokhayo imene sampulo ili yotsegula. Pepalalo likhale lonyowa chifukwa pa louma tiulusi timatera n'kuulukanso. Pa gulu lililonse la masampulo amene mukukonza tsiku limodzi, ma blank a mu labotale akhale osachepera atatu. Imodzi yokha singakuuzeni kuti kuipitsidwako kumasinthasintha bwanji, ndipo kusinthasinthako ndiye chimene mukufuna.

Masamu ake ndi awa, ndi nambala zongopeka kuti njira ioneke. Tinene kuti ma blank anu atatu apezeka ndi tiulusi 4, 6 ndi 8. Avereji ndi 6, ndipo standard deviation, nambala yoyeza kusinthasintha kuja, ndi 2. Ambiri amaika malire a zimene njira yawo ingazindikire pa avereji kuwonjezera standard deviation katatu, ndiye pano malirewo ndi 12. Sampulo ya mumtsinje imene yapezeka ndi tiulusi 9 simungailembe kuti ili ndi tiulusi 3 pongochotsera 6. Yankho loona ndi lakuti ili pansi pa malire, ndiye kuti simungathe kusiyanitsa mtsinje ndi fumbi la m'chipinda chanu. Zimenezi zimawawa, makamaka ngati theka la masampulo lagwera pamenepo, koma mankhwala ake si kubisa blank. Mankhwala ake ndi kusefa madzi ambiri ulendo wotsatira kapena kuyeretsa kagwiridwe ka ntchito kuti 6 uja atsike. Ndipo pochotsera, chotserani mtundu ndi mtundu. Ngati m'ma blank muli tiulusi ta buluu tokhatokha, musachotsere chiwerengero chake pa tizidutswa toyera ta polyethylene, chifukwa mukatero mwataya zenizeni n'kusunga zabodza.

Kutsitsa blank ndi ntchito yotopetsa koma yosavuta. Ziwiya zikhale za galasi kapena chitsulo. Chilichonse chitsukuluzidwe katatu ndi madzi osefa, ndipo ngati muli ndi ng'anjo ya mu labotale, otchani ziwiya za galasi ndi mapepala osefera a ulusi wa galasi pa madigiri 450 mpaka 500 kwa maola angapo. Ziwiya zoyezera zokhala ndi mizere yolondola musaziike m'ng'anjo. Madzi aliwonse ndi mankhwala aliwonse amadzimadzi adutse kaye pa sefa ya maso ochepera kachidutswa kakang'ono kwambiri kamene mukufuna, mwachitsanzo pepala la GF/C la maikulomita 1.2. Apa ambiri amapusitsika ndi madzi ochoka m'makina oyeretsera, poganiza kuti oyera ndi oyera basi, koma makinawo ali ndi mapaipi a pulasitiki ndipo madziwo amasungidwa m'chigubu cha pulasitiki. Tsekani mawindo, zimitsani fani, pukutani tebulo, ndipo letsani anthu kulowa ndi kutuluka. Mnzanu wovala juzi ya ubweya wopanga akangodutsa kumbuyo kwanu, blank ya mpweya idzakuuzani. Malaya a mu labotale akhale a thonje lokhalokha, ndipo ndi nzeru kuwanyika mu utoto wachilendo, monga wa pinki wowala, kuti kaulusi kanu mukazindikire pongokaona.

Za magolovesi pali msampha umene unadziwika bwino mu 2020, ofufuza a ku Germany atasonyeza kuti magolovesi otayika amasiya mankhwala otchedwa stearate amene makina amawawerenga ngati polyethylene. Munthu amavala magolovesi pofuna ukhondo, kenako magolovesi omwewo n'kumupatsa pulasitiki wabodza. Pogwira mankhwala oopsa valani ndithu, manja ndi ofunika kuposa kafukufuku, koma golovesi isakhudze madzi a sampulo, m'kati mwa chiwiya, kapena pepala losefera. Gwirani zonsezo ndi kapani kachitsulo.

Madzi a mumtsinje amabwera ndi ndere, tizilombo ndi zinyalala za zomera, ndipo zimenezi ziyenera kusungunulidwa kuti pulasitiki aoneke. Pa minofu, monga matumbo a nsomba, ambiri amagwiritsa ntchito potassium hydroxide wa 10 peresenti, amene ndi magalamu 100 mu lita imodzi. Thirani wochuluka katatu kuposa minofuyo ndipo sungani pa madigiri 40 kwa masiku awiri kapena atatu. Mukakweza kutentha pofuna kufulumira, mapulasitiki ena monga PET ndi cellulose acetate amayamba kudyeka. Mankhwalawa amadyanso aluminiyamu, choncho pano foyilo ija musavindikire nayo, vindikirani ndi kambale ka galasi. Ngati minofu ili ndi mafuta ambiri, mafutawo amasanduka sopo amene amatseka sefa, ndiye yesani kaye ndi sampulo imodzi yosafunika musanathire m'zonse. Pa ndere ndi zomera, hydrogen peroxide wa 30 peresenti amachita bwino, ndipo amafulumira kwambiri mukamuphatikiza ndi madzi a iron sulphate okhala ndi asidi pang'ono. Koma kusakaniza kumeneku kumadzitenthetsa kokha. Kumayamba mwakachetechete, kenako mwadzidzidzi thovu limakwera n'kusefukira pa tebulo limodzi ndi sampulo yanu. Gwiritsani ntchito chiwiya chachikulu kasanu kuposa madziwo, thirani peroxide pang'onopang'ono, ikani thermometer m'katimo, ndipo beseni la madzi oundana likhale pafupi kuti kutentha kusapitirire madigiri 50. Valani zoteteza maso. Peroxide amasulutsanso mtundu, moti ngati mtundu wa tizidutswa ndi wofunika pa funso lanu, lembani m'lipoti kuti unaonedwa pambuyo pa mankhwala. Nitric acid musayese, imawononga nayiloni, ndipo mudzalemba kuti mtsinje wanu ulibe ulusi wa maukonde pamene mwausungunula nokha.

Ngati mukufufuza matope kapena mchenga, pulasitiki amapatulidwa pomuyandamitsa m'madzi olemera. Pano nambala zisungeni pamtima. Mililita imodzi ya madzi wamba imalemera galamu imodzi. Polypropylene ndi polyethylene amalemera pakati pa 0.90 ndi 0.97, ndiye amayandama okha. Polystyrene ali cha pa 1.05, nayiloni cha pa 1.14, PET cha pa 1.38, ndipo PVC wolimba ali cha pa 1.4. Mchenga uli cha pa 2.65. Madzi a mchere wamba okhuta kotheratu, amene amafuna magalamu pafupifupi 360 pa lita imodzi ya madzi, amafika pa 1.2 basi. Ndiye mukagwiritsa ntchito mchere, PET ndi PVC adzatsala pansi ndi mchenga, ndipo PET ndi amene amapanga mabotolo a zakumwa ndi nsalu za polyester. Palibe cholakwa kugwiritsa ntchito mchere ngati ndi umene mungakwanitse, bola munene poyera kuti njira yanu sinkaona mapulasitiki olemera. Zinc chloride amafika pa 1.5 mpaka 1.7 koma amawononga khungu ndi zitsulo, amapha zamoyo za m'madzi, ndipo amachita thovu akakumana ndi zigamba za nkhono, choncho musamutaye mu sinki, musefeni n'kumugwiritsanso ntchito. Sodium iodide amafika mpaka 1.8 koma ndi wodula. Kaya mwasankha uti, musakhulupirire zolembedwa pa botolo. Yezani mamililita 100 pa sikelo, ndipo ngati ndi madzi a mchere alemere magalamu 120. Mankhwala obwerezedwa amasukuluka pang'onopang'ono ndi chinyezi cha matope mpaka kutsika mphamvu inu osadziwa. Mcherewo nawonso umakhala ndi tizidutswa take, ndiye usefeni. Vundulani bwino, siyani usiku wonse, tsanulani za pamwamba, ndipo bwerezani katatu pa sampulo iliyonse.

Blank imakuuzani zimene zalowa, koma muyeneranso kudziwa zimene zatayika. Konzani tizidutswa ta mapulasitiki odziwika, a mitundu yowala, a kukula kofanana ndi kumene mukufuna. Werengani 50, tiikeni m'madzi kapena m'matope oyera, dutsitsani njira yonse, ndipo werengani totsala. Mukapeza 34, ndiye kuti njira yanu imabweza 68 peresenti. Tambiri timatayika pomata m'mbali mwa galasi ndi pa khosi la fanulo yosefera, choncho tsukuluzani m'mbalimo katatu nthawi iliyonse mukamasamutsa. Musayese ndi timipira tosalala tokha, chifukwa timeneto timabwerera mosavuta n'kukupatsani nambala yokongola imene sinena kanthu za tiulusi. Ikanimo tiulusi, ndiponso pulasitiki mmodzi wolemera.

Pa maikulosikopu, maso amanama. Kachidutswa kakachepera theka la milimita, mchenga wowala, mamba a nsomba ndi ulusi wa zomera zimaoneka ngati pulasitiki. Kuyesa ndi singano yotentha, kumene pulasitiki amapindika kapena kusungunuka, kumathandiza pa tizidutswa tokulirapo, koma kumawononga kachidutswako ndipo sikunena mtundu wake. Utoto wa Nile Red umawalitsa pulasitiki, koma umawalitsanso mafuta ndi zotsalira za zamoyo. Ndipo si kaulusi kalikonse kokhala ndi mtundu kamene kali pulasitiki. Kafukufuku amene anatuluka mu Science Advances mu 2020 anayeza tiulusi pafupifupi 2,000 ta m'nyanja zikuluzikulu za padziko, ndipo anapeza kuti 8.2 peresenti yokha inali ya pulasitiki. Pafupifupi 80 peresenti inali ya cellulose, monga thonje lonyikidwa mu utoto. Munthu wowerenga ndi maso okha akanalemba tonseto ngati pulasitiki.

Choncho pamafunika makina otsimikizira, monga FTIR ndi Raman, amene amazindikira mtundu wa chinthu pochiwalitsira kuwala. FTIR ya mtundu wa ATR imayenera tizidutswa timene mungathe kutola ndi kapani, ndipo imakaphwanya kachidutswako poyeza, ndiye jambulani chithunzi ndi kuyeza kukula kwake musanakaike. Micro-FTIR, imene ndi FTIR yolumikizidwa ndi maikulosikopu, imafika cha pa maikulomita 10 mpaka 20. Raman imafika cha pa maikulomita imodzi, koma utoto wa m'kachidutswa umaisokoneza ndipo kuwala kwake kumatha kutentha takuda. Funsani woyang'anira makinawo za pepala losefera loyenera musanasefe ngakhale sampulo imodzi, chifukwa kuwala kwa FTIR sikudutsa bwino pa pepala la ulusi wa galasi, ndipo kusamutsa tizidutswa kuchoka pa pepala lina kupita pa lina kumatayitsa tina. Safunsa anadya phula. Kompyuta ikakuuzani kuti spectrum ya kachidutswa, chithunzi cha mzere wa nsonga chimene makinawo amatulutsa, yafanana ndi polyethylene pa 70 peresenti, musangolemba, chiyang'aneni nokha. Pa nambala za m'munsi mwa chithunzicho, polyethylene ali ndi nsonga ziwiri zazitali cha pa 2915 ndi 2848, ina cha pa 1470, ndi ina cha pa 720. Stearate wa m'magolovesi uja alinso ndi ziwiri zoyambazo, koma amawonjezera ina pakati pa 1540 ndi 1580. Ngati nkhokwe ya zithunzi ya m'makina anu ilibe stearate, thonje ndi ubweya, kompyuta idzakakamiza chilichonse kuti chifanane ndi pulasitiki amene ili naye. Open Specy ndi nkhokwe yaulere ya pa intaneti imene mungayerekezere nayo. Dziwaninso kuti fumbi la matayala a galimoto, limene ndi gwero lalikulu la tizidutswa totere, silioneka bwino pa FTIR chifukwa cha kaboni wakuda amene ali m'katimo.

Zolakwika zimenezi sizigwera ophunzira okha. Nkhani zikuluzikulu za zaka zaposachedwa zimakanganiridwa pa mfundo zomwezi. Mu 2022 ofufuza a ku Amsterdam ananena kuti apeza pulasitiki m'magazi a anthu 17 mwa 22. Mu 2024 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa ku Italy wa odwala 257 amene anachotsedwa mafuta oundana m'mitsempha ya pakhosi. Mwa iwo 150 anapezeka ndi polyethylene, ndipo m'miyezi pafupifupi 34 yotsatira, amene anapezeka ndi pulasitiki anali pa chiopsezo choposa kanayi cha kudwala mtima, kufa ziwalo kapena kumwalira. Ndi kafukufuku wofunika, koma amasonyeza kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, sanatsimikize kuti china chikuchititsa chinzake. Mu 2025 ofufuza a pa yunivesite ya New Mexico analemba mu Nature Medicine za pulasitiki wochuluka mu ubongo wa anthu omwalira, ndipo asayansi ena anafunsa funso loyenera. Njira imene inagwiritsidwa ntchito, pyrolysis-GC/MS, imatentha sampulo n'kuyeza mpweya wotuluka, ndipo mafuta a m'thupi akatenthedwa amatulutsa zinthu zofanana ndi za polyethylene. Ubongo uli ndi mafuta ambiri. Ine sindikayika kuti pulasitiki ali m'matupi athu, popeza dziko limapanga matani oposa 400 miliyoni pa chaka. Chimene ndimakayikira ndi kuchuluka kumene kumalengezedwa, ndipo nkhani yotchuka ija ya mu 2019 yakuti munthu amadya magalamu 5 pa mlungu, kulemera kwa khadi la ku banki, ofufuza ena atawerengeranso anapeza kuti inakokomeza kwambiri. Kukokomeza kotere kumapatsa zida anthu amene safuna kuti pakhale malamulo, pamene zokambirana za pangano la mayiko onse lokhudza pulasitiki, zimene zinayambika ndi chigamulo cha ku Nairobi mu 2022, zinatha popanda mgwirizano ku Busan mu 2024 ndiponso ku Geneva mu 2025.

Ngati gawo lina la digiri yanu ndi kuyesa mmene tizidutswati timapwetekera zamoyo, samalani ndi timipira ta polystyrene togula. Nthawi zambiri timabwera m'madzi okhala ndi mankhwala otetezera, monga sodium azide, amene ndi poizoni paokha. Mukapanda kutitsuka, tizilombo tanu tidzafa ndi mankhwalawo inu n'kunamizira pulasitiki. Ndipo pa milingo imene mukuyesa, umodzi ukhale wofanana ndi umene umapezekadi m'madzi, osati yokhayokha yowirikiza kambirimbiri.

Chimene chimagwetsa ophunzira ambiri si mankhwala, ndi nthawi. Werengerani musanalonjeze. Malo 10, miyezi iwiri, masampulo atatu pa malo alionse mwezi uliwonse, ndi masampulo 60, osawerengera ma blank. Iliyonse ikakhala ndi tizidutswa 40, ndi tizidutswa 2,400. Pa mphindi 5 pa kachidutswa kalikonse, kutola, kujambula, kuyeza ndi kupukuta makina, ndi maola 200 pa makina amene mwina mumapatsidwa tsiku limodzi pa mlungu, makinawo akapanda kuwonongeka. Ndiye gwirizanani ndi aphunzitsi okuyang'anirani, zolembedwa, kuti mudzayeza gawo lanji. Gawolo lisankhidwe mwa maere pa mtundu uliwonse wa tizidutswa, osati kutola tooneka bwino, chifukwa dzanja limathamangira tatikulu towala. Aphunzitsi akafuna kuwonjezera malo ena asanu, musatsutsane nawo ndi mawu, aonetseni masamu a maolawa. Malo ochepa okhala ndi ma blank okwanira amadutsa mosavuta kwa ounika, akatswiri amene amawerenga kafukufuku asanasindikizidwe, kuposa malo ambiri opanda blank. Sungitsani malo pa makina miyezi isanakwane, chifukwa nyengo yomaliza digiri aliyense amafuna makina omwewo. Ndipo nkhani ya mayina amene adzalembedwe pa pepala losindikizidwa, kuphatikizapo la katswiri woyendetsa makina ngati wathandiza kumasulira zotsatira, ikambidwe ntchito isanayambe. Ikakambidwa pomaliza imadanitsa anthu.

Powerengera zotsatira, mabotolo atatu otungidwa malo amodzi mphindi imodzi sangaimire mtsinje wonse, amangosonyeza kusinthasintha kwa pamalopo. Mvula imakokolola zinyalala kulowa mumtsinje, choncho lembani nyengo ya tsikulo ndi ya masiku apitawo. Nambala zowerenga tizidutswa sizitsatira kagawidwe ka normal, makamaka pakakhala maziro ambiri, ndiye musanathamangire t-test, imene imadalira kagawidwe kameneko, ganizirani za njira zoyenera nambala zowerenga, monga Poisson kapena negative binomial. Miyezo ikhale yomveka: tizidutswa pa lita kapena pa kiyubiki mita, ndipo pa matope, pa kilogalamu ya matope ouma, osati onyowa. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndipo ziro mmodzi akasowa pamenepo zonse zapita. Mu 2024 pepala lina lokhudza mankhwala oletsa moto m'ziwiya zakuda za pulasitiki linafalitsidwa padziko lonse, kenako kunapezeka kuti 7,000 kuchulukitsa ndi 60 kunalembedwa 42,000 m'malo mwa 420,000. Pepalalo linali litadutsa kale mwa ounika. Pezani mnzanu amene sanagwire nawo ntchitoyi kuti abwereze masamu onse ndi dzanja.

Polemba, ikani tebulo la ma blank m'kati mwenimweni mwa pepala, osati kumapeto kobisika. Nenani maso a sefa iliyonse, kuchuluka kwa madzi, mphamvu ndi kutentha kwa mankhwala, peresenti imene njira yanu inabweza, gawo limene linayezedwa pa makina, ndi malire a kufanana amene munavomereza. Tizidutswa timene sitinafike pa makina titchuleni kuti toganiziridwa kukhala pulasitiki. Ounika odziwa ntchito amayamba kuwerenga gawo la njira, ndipo akapanda kupeza blank, nthawi zambiri pepala limabwerera asanafike pa zotsatira. Magazini imene yakutumizirani uthenga wokuyamikirani n'kulonjeza kusindikiza m'masiku atatu mukalipira, ifufuzeni kaye mu DOAJ kapena Scopus, mindandanda ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku, ndipo funsani woyang'anira laibulale ya pa yunivesite yanu. Mapepala osefera onse asungeni m'timbale ta galasi totseka, tolembedwa nambala yofanana ndi ya m'buku, pamodzi ndi tizidutswa ta zingwe ndi ukonde tija, mpaka pepala litasindikizidwa, chifukwa wounika wachiwiri akhoza kupempha kuti muyezenso tiulusi 100 pa makina patatha chaka chathunthu chitungireni madziwo.